Deta ikuonetsa vuto koma oyendetsa ndege sakulemba malipoti

Woyang'anira chitetezo: Akuluakulu, ndathedwa nzeru. Kwa miyezi itatu tsopano, deta ya QAR (kachipangizo kojambula momwe ndege yayendera) ikuonetsa kuti pa bwalo lina ndege zathu potera zikufika pa mafiti 1,000 kuchokera pansi zidakali ndi liwiro lochuluka, mafulapu (zigawo za mapiko zothandiza potera) asanatsike mokwanira, koma palibe wachita go-around (kusiya kutera n'kukweranso kuti ayesenso), ndipo lipoti la oyendetsa ndege sindinalandire ngakhale limodzi. Nditazitula zimenezi pamsonkhano, abwana angoti ndiwapatse mayina. Ndiwayankhe bwanji?

Kapiteni wopuma: Mayi, mayinawo musapereke. Annex 6, gawo la malamulo a ICAO (bungwe la zandege la dziko lonse), imati ndege zopitirira makilogalamu 27,000 zikhale ndi ndondomeko younika deta, ndipo imanena mosabisa kuti ndondomekoyo iteteze anthu omwe detayo yachokera kwa iwo. Pakampani ina pomwe ndinkagwira, mnzathu anaitanidwa ku ofesi, pepala la deta lili pa tebulo dzina lake atalizunguliza ndi cholembera chofiira, ndipo kuyambira tsikulo bokosi la malipoti linkatsegulidwa lopanda kanthu.

Mkulu wa maulendo: Ndikuwalemekeza akapiteni, koma munthu wobwereza cholakwa chomwecho ayenera kudziwika. Tidzawauza chiyani achibale ndege ikadzapitirira msewu wotera?

Injiniya: Musanakangane za mayina, mayi, onani kaye ngati malire omwe munaika mu pulogalamu younikira deta ndi olondola. Ine ndinathapo milungu iwiri ndikufufuza vuto lomwe kunalibe, chifukwa radio altimeter (chipangizo choyeza kutalika kwa ndege kuchokera pansi) inkawerenga phiri lomwe lili pansi pa njira yotsikira. Funsaninso ngati oongolera ndege ali pansi sakuchedwa kuloleza kutsika, chifukwa ngati akutero, anthu osiyanasiyana akugwa m'mbuna imodzi.

Mkulu wa maulendo: Ngakhale atachedwetsedwa, lamulo la go-around lilipo ndipo kapiteni amalidziwa. Adziwike basi.

Kapiteni wopuma: Bambo, kumbukirani ndege ya TWA 514 mu 1974, yomwe inaomba phiri ikutsikira ku bwalo la Dulles ku America n'kupha anthu 92. Milungu isanu ndi umodzi m'mbuyomo, oyendetsa ndege ya United anapulumuka mwamwayi pamalo omwewo ndipo ananena okha ku kampani yawo, koma uthengawo sunafike kwa a TWA. ASRS, ndondomeko ya ku America yolandira malipoti mwachinsinsi, inakhazikitsidwa mu 1976 ndipo inaperekedwa m'manja mwa NASA, bungwe lopanda mphamvu yolanga munthu, kuti anthu azilankhula momasuka. Deta imakuuzani kuti liwiro linali lotani, koma chifukwa chake amachidziwa ndi amene anali pampando. Pakhale woyendetsa ndege mmodzi wodalirika kumbali zonse, yekhayo wololedwa kuona mayina ndi kuwaimbira anzake mwachinsinsi, ndipo zimenezi zilembedwe m'pangano.

Mkulu wa maulendo: Nanga wodalirikayo akamabisa anzake, amuyang'anira ndani?

Injiniya: Mayi, simunatiuze, kodi zikuchitika kumbali imodzi ya msewu wotera kapena konse kuwiri, ndipo ndi usiku kapena masana?