Kusamutsa bokosi la mafyuzi pa MGB yakale

Mwini_MG: Akuluakulu ndithandizeni, ndikuluka mawaya onse mwatsopano pa galimoto yanga ya MGB ya 1972. Kabokosi ka kampani ya Lucas kaja ka mafyuzi 4 kali mu boneti ndipo kadyeka ndi dzimbiri, ndiye ndikufuna ndiike bokosi la mafyuzi a blade (apulasitiki a timiyendo tiwiri aja) pansi pa dashibodi mkati. Ndingalakwitse pati?

Wamawaya: Achimwene ganizo labwino koma samalani waya wa brown, umenewu umachokera ku batire uli ndi moto nthawi zonse ndipo ulibe fyuzi, ukangopekesana ndi chitsulo ukudutsa pa firewall (chitsulo chogawa injini ndi mkati mokhala anthu) basi galimoto yapsa. Ikani fyuzi yaikulu pafupi ndi pomwe moto ukuchokera, pabowo paja muikepo labala, ndipo ngati mtunda watalika wayayo akhale wonenepa apo ayi nyali zizingoyaka mwaulesi.

Mwini_MG: Zikomo bwana. Nanga fyuzi yagalasi yolembedwa ma amp 35 ija ndingoika blade ya 35?

Wamawaya: Ayi ndithu! 35 ya Lucas ndi pomwe fyuzi imaduka, yomwe imanyamula tsiku ndi tsiku ndi cha m'ma 17. Ikani 15 kapena 20 kutengera waya wake.

Gogo_Injini: Ine ndinasamutsa bokosi langa koma ndinalilowetsa mkati kwambiri, pano kusintha fyuzi mpaka ndigone chagada, zimandiwawa mpaka lero. Muike pofikika, pasamadonthere madzi a windscreen, komanso musasinthe makala a mawaya, green akhale wa ignition purple wa moto wokhalitsa. Ndipo chotsani kaye batire musanadule chilichonse.