Ngongole ya tchana ndi pampu yosatsuka

Msungichuma: Mwadzuka bwanji nonse. Loweruka tikutsekera buku koma silikukwana. Mayi a mapasa anatenga 4,000 metikali mu Malichi, ndi chiwongoladzanja cha miyezi itatu zafika 5,200. Abweza 1,500 basi.

Mayi a mapasa: Ngongole sindikuikana amayi. Koma tsikirani kudambo mukaone tchana changa. Ndinagula mbewu, ndinalipira aganyu, mankhwala opha udzu ndinakatenga ndekha ku Ulongué. Pampu yopopera mankhwala ndinabwereka kwa alamu. Patapita masiku awiri masamba anapotana, mitengo yapindika ngati mbedza. Mizere ya kumtunda yonse inapita.

Mwini pampu: Alamu, musandiike m'kamwa mwa gulu. Ndinakubwerekani ulere. Mwina ogulitsa aja anakupatsani mankhwala olakwika. Tchana sichifuna masewera, mankhwala ambiri othira chikamera amachiwotcha.

Mayi a mapasa: Botolo ndikadali nalo. Ndi Fusilade, yopha udzu wa masamba owonda okhaokha.

Mlembi: Ndinapitako dzulo, ndiye ndilankhulepo. Fusilade sagwira mbewu za masamba otambalala. Koma m'mizere yoyambirira ija chisoso ndi bonongwe nazo zapotana chimodzimodzi ndi tchanacho. Kumunsi komwe anathira thanki yachitatu, chisoso chili mbee ndi maluwa ndipo tchana chabereka. Achimwene, pampuyi munathirira chiyani komaliza?

Mwini pampu: 2,4-D, m'chimanga cha kudimba.

Mlembi: Munatsuka?

Mwini pampu: Ndinakhutula, ndinathira madzi kamodzi.

Mlembi: Ndi pomwepo. 2,4-D ntchito yake ndi kupha zamasamba otambalala n'kusiya chimanga, ndipo tchana ndi chagulu la nyemba. Zotsalira m'payipi ndi m'kamwa mwa pampu ndi zokwanira kupotola mzere. Pamafunika sopo ndi kutsukuluza katatu, madziwo azituluka kudzera kupayipiko.

Agogo a kumpoto: Ine ndimati khasu. Tchana chimachedwa kukula, masabata asanu ndi limodzi oyambirira udzu umachikwera pamutu, koma kupalira kawiri kumakwana. Nanga ndalama zathu zifere m'botolo? Ine ndikudikira zogawana ndigule feteleza.

Mayi a mapasa: Agogo, aganyu awiri opalira akanadya ndalama yoposa botololo. Ndinawerengera.

Mwini pampu: Nanga inuyo alamu, bwanji simunatsuke musanathire?

Mayi a mapasa: Mukanangonena kuti munali 2,4-D. Mawu amodzi okha. Munandipatsa ndi manja anu mukuseka.

Wapampando: Zakwana. Lamulo lathu silisintha, wotenga ndalama ndi amene amabweza, ndiye mayi a mapasa 4,000 ija ndi yanu. Mwapereka 1,500, yatsala 2,500. Ya chiwongoladzanja 1,200 ndikupempha igawike pakati, chifukwa wina sananene, wina sanafunse. Thumba la zadzidzidzi tisaligwire, lija ndi la matenda ndi maliro.

Mwini pampu: 600 pa pampu yomwe ndinabwereketsa mwaulere? Zikundiwawa, koma sindikufuna tizilambalalana kumjigo kapena kuchigayo. Nditumiza pa M-Pesa Lachisanu.

Mayi a mapasa: Mizere ya kumunsi ndikolola sabata ino. Loweruka ndibwera ndi 2,000, yotsalayo ndikagulitsa nkhuku.

Msungichuma: Ndalemba. Yotsala 1,100 isadutse pa 15, bokosi tikutsegula tsiku limenelo.