Posita yakale ya B.B. King yabwera ku shopu, ndiimate kapena ayi?

Mafelemu Limbe: Akuluakulu ndili ndi mutu apa. Kwabwera mayi wina ndi posita ya shoo ya B.B. King, woimba blues wa ku America uja, akuti inali ya malemu amuna awo amene anakhalitsa ku America, akufuna felemu pofika Lachisanu. Ndi katoni yolimba osati pepala, mainchesi 22 kwa 28, pinki ndi olenji wowala kwambiri, pansi penipeni palembedwa Globe Poster Baltimore. Koma yapindika, m'makona muli timabowo, kumbuyo kuli selotepi yakale yachikasu ija ndi timadontho ta nkhungu. Ndimati ndidule m'mbali mong'ambikamo kenako ndiimate pa hardboard ndi guluu kuti iwongoke. Mukuti bwa?

Madala a Printing: Achimwene ikani mpeniwo pansi kaye. Osadula, osamata. Globe inali kampani yosindikiza ya ku Baltimore, inayamba 1929 nkutseka 2010, ndipo ndi imene inkapanga maposita ambiri a oimba achikuda a jazz, blues ndi rhythm and blues, a James Brown, Otis Redding, Ike ndi Tina Turner, onsewo. Ankazikhoma pa mapolo a mumsewu shoo ikatha nkutayidwa, nchifukwa chake zotsala ndi zochepa ndipo otolera amazifuna momwe zilili. Timabowo timeneto ndi umboni woti inakhomedwadi panja, inu mukufuna kudula umboni.

Mayi wa Zithunzi Area 3: Zoona madala. Ine ndinapsa nazo kale. Kasitomala anabweretsa posita ya jazz yakalekale, mnyamata wanga nkuilowetsa mu lamineti kuti "isamade", mwini wake atabwera anangokhala pa benchi osayankhula kwa kanthawi. Lamineti sichoka, guluu wa kalipentala sachoka. Mpaka lero tikakumana mu tauni amandipatsa moni wa patali.

Mafelemu Limbe: Eish. Nde ndidziwa bwanji ngati ili orijinolo? Paja pa intaneti zokopera zadzaza

Madala a Printing: Tengani lenzi kapena kamera ya foni muzume pa chilembo chachikulu chakuda. Zakale ankadinda ndi zilembo zamatabwa, ndiye inki simagona mofanana, pena pamaoneka mizere ya thabwa pena kachibowo pamene chilembo chinabenthuka, ndipo m'mphepete inki imakhala ngati yafinyika. Mtundu wowalawo uyenera kukhala wodzaza bwinobwino. Mukaona pinkiyo yapangidwa ndi timadontho tamitundumitundu ndiye ya pulinta ya masiku ano imeneyo. Chithunzi cha nkhope chokha ndicho chimakhala cha timadontho takuda, musadabwe nazo.

Sign Writer wa ku Mzuzu: Koma madala musaiwale, zilembo za Globe zinagulidwa ndi sukulu ya zaluso ya MICA ku Baltimore komko mu 2011 ndipo amadindabe nazo. Ndiye kuona mizere ya thabwa sikuti basi ndi ya 1960. Achimwene onaninso tsiku. Zambiri sizinkalembedwa chaka, ankangoti tsiku ndi mwezi, nde umatsegula kalendala. Mwachitsanzo Loweruka la pa 5 March linagwa 1955, 1960 komanso 1966, kenako umayang'ana nkhope ya woimbayo ngati ikugwirizana ndi zaka zimenezo. China, ngati pali adiresi yokhala ndi ZIP code (nambala ya positi ya ku America) ya manambala asanu siingakhale ya kale kuposa 1963 chifukwa ndi chaka chimene anayamba zimenezo.

Madala a Printing: Wandigwira mwana uyu kkkk, zoona.

Mafelemu Limbe: Ndazuma. Mizere ya thabwa ikuoneka pa K, pinki ndi yodzaza, katoni kumbuyo yafiira yokha ndipo ikununkha sutikesi yakale. Chaka palibe. Za kalendala ndichita madzulo. Nanga nkhungu ndi tepi?

Mayi wa Zithunzi Area 3: Madzi, jiki, thina, sipiriti, zonsezo kutali. Iumitseni kaye pamthunzi mopita mphepo, osati padzuwa, mitundu yowalayi imafwifwa msanga kuposa ina iliyonse. Ikauma sesani nkhunguyo ndi burashi yofewa muli panja, mutavala masiki. Tepi ngati ikusendeka yokha chotsani, ikakana isiyeni, mukakoka imatenga khungu la katoni. Banga lachikasu likhala basi, auzeni mayiwo chilungamo. Kupindikako igonekeni pakati pa mapepala oyera musanjike galasi lolemera pamwamba masiku angapo, ayironi ayi.

Sign Writer wa ku Mzuzu: Poika mu felemu gwiritsani timakona tija togwira zithunzi, kumbuyo bolodi yopanda asidi osati hardboard, imathimbiriritsa. Ndipo galasi lisakhudze posita, siyani kampata, nthawi ya mvula chinyezi chimamatitsa inki pa galasi ndiye pochotsa nkhope ya B.B. King itsalira pomwepo. Ngati galasi la UV, lija lotchinga cheza cha dzuwa chofwifwitsa mitundu, lavuta kupeza ikani wamba koma akapachike khoma losafika dzuwa, lisakhalenso loyang'anizana ndi bafa.

Mafelemu Limbe: Ndawaimbira mayi aja. Poyamba amati mabowowo akunyansa ndiwabise, nditawafotokozera za mapolo aseka, ati malemuwo ankanenadi kuti anachita kuizula pamsewu. Lachisanu lalephereka, tagwirizana sabata yamawa. Bolodi yopanda asidi ndilibe, alipo ali nayo pafupi?

Mayi wa Zithunzi Area 3: Ndili ndi mashiti awiri otsala. Ndikutumizirani pa basi ya mmawa, koma thiransipoti ndi yanu achimwene.