Mabuku a History a mphatso, tidziwa bwanji odalirika?

Madamu_a_Form3:
Anzanga ndithandizeni. Pasukulu pathu kuno ku Zomba talandira makatoni a mabuku a mphatso, ndiye ahedi akuti ine ndisankhe a History oti alowe mulaibulale. Ena ndi akale zedi moti lina likunena kuti likulu la dziko ndi Zomba, chonsecho boma linasamukira ku Lilongwe mu 1975. Akalewa ndingowataya onse kapena? Inu mumaona chani?

WakuDomasi:
Madamu yambani ndi tsamba loyamba lija, chaka chomwe anasindikiza, wolemba ndani, ndipo kumapeto akunena komwe anazitenga nkhanizo kapena ayi. Mukatero liyeseni pa nkhani yomwe mukuidziwa bwino. Ine ndimathamangira pa Chilembwe, 23 January 1915. Buku likangoti anali chigawenga basi, osatchula thangata ndi nkhanza za pa esiteti ya Bruce ku Magomero, dziwani kuti wolembayo ankamvera mbali ya atsamunda yokha. Chimodzimodzi aja amati Livingstone ndi amene anatulukira nyanja mu 1859, ngati kuti kunalibe asodzi kumeneko kkkk.

Gogo_Chalk:
Musaiwale a nthawi ya Kamuzu, ife tinaphunzitsa nawo amenewo. Tsegulani pa 1964 muone ngati nkhani ya kugawanika kwa nduna ilimo. Mabuku ambiri osindikizidwa kuno chisanafike chaka cha 1994 mayina a Chipembere, Kanyama Chiume ndi Orton Chirwa amangowadumpha kapena kuwatcha oukira, nthawi imeneyo kunali Censorship Board ndiye munthu sumangolemba zakukhosi ayi. Madeti ake amakhala olondola ndithu, vuto ndi zomwe anasiya dala.

Chinamwali_Boy:
Koma zotaya zo ine sindikugwirizana nazo. Apatseni shelefu yawoyawo, mumate kapepala pachikuto kolemba chaka, ana a Form 4 aziyerekeza buku la mtsamunda ndi la D.D. Phiri, wolemba mbiri wa konkuno ku Malawi, pa nkhani imodzimodzi, aona okha kusiyana. Za mayeso zokha tsatani mndandanda wa mabuku ovomerezeka, MIE (Malawi Institute of Education, bungwe loona za silabasi ndi mabuku a sukulu) ili pa Domasi pompa. Deti likakuvutani National Archives ilinso mtauni momwe muno, musamangodalira Google.

Madamu_a_Form3:
Zikomo nonse. Ndayang'ana atatu, awiri alibe Chipembere ngakhale ku index komwe. Koma shelefu yapadera ija ndiye tilibe, Lolemba ndikawafunsa ahedi ngati kabati ya mu staff room angatibwereke.