Kodi kulemba asilikali a ndende atsopano kumathetsadi kuchepa kwa ogwira ntchito?

aNaphiri:
Ndikupempha amene akuidziwa bwino ntchito ya ndende kuti andiunikire. Maboma amalengeza kawirikawiri kuti alemba asilikali a ndende atsopano, koma sipapita nthawi yaitali madandaulo akuti ogwira ntchito ndi ochepa amayambiranso. Kodi pali chiwerengero chovomerezeka cha akaidi amene msilikali mmodzi ayenera kuyang'anira?

aChisale:
Mayi, malamulo a kasamalidwe ka akaidi otchedwa Nelson Mandela Rules, amene bungwe la United Nations linavomereza m'chaka cha 2015, satchula chiwerengero chotero. Chimene amanena n'chakuti ogwira ntchito asankhidwe mosamala, alembedwe ntchito yokhazikika ya boma, aphunzitsidwe asanayambe ntchito, ndiponso azilandira malipiro okwanira kukopa anthu oyenera ndi kuwasunga. Chiwerengero cha asilikali cha m'kaundula chimanamiza, chifukwa ntchito ya m'ndende siima usiku kapena pa tsiku la tchuthi, choncho malo amodzi olondera amafuna anthu angapo osinthana. Mukachotsapo amene ali pa tchuthi, amene akudwala, ndi amene aperekeza akaidi kukhoti kapena kuchipatala, otsala pakati pa akaidi amakhala ochepa kwambiri.

aMbewe:
Ndikugwirizana ndi aChisale, koma kwa ine vuto lalikulu lili pa kusunga anthu amene alembedwa kale. Ku England ndi Wales chiwerengero cha asilikali a ndende chinachepetsedwa kwambiri pambuyo pa chaka cha 2010, ziwawa m'ndende zinakula, ndipo mu 2016 boma linalonjeza kulemba ena 2,500. Anthu atsopano anabwera, koma luso la amene anachoka silinabwerere, pakuti msilikali wokhalitsa amazindikira kuti mkangano ukufuka usanabuke, ndipo amadziwa kuuziziritsa ndi mawu okha. Ku Norway maphunziro a ntchitoyi amatenga zaka ziwiri, pamene m'mayiko ambiri amatenga masabata kapena miyezi yowerengeka.

aNankhoma:
Tisaiwalenso mbali ya akaidi. Malamulo a Nelson Mandela aja amafuna kuti akaidi aakazi aziyang'aniridwa ndi asilikali aakazi okha, choncho kungolemba anthu ambiri osaganizira zimenezi kumasiya ndende zina zili zoperewera. Komanso makhoti akamachedwa kuzenga milandu, anthu oyembekezera chiweruzo amachulukana m'zitolokosi, ndipo asilikali omwe angolembedwa kumene amathera pa ntchito yowaperekeza kukhoti mobwerezabwereza.