Za ulendo wa ku Hallein uja, tinapitadi

Mwezi watha ndinafunsa ngati munthu wochokera ku Salzburg, ku Austria, angathe kuona Keltenmuseum (nyumba yosungiramo zinthu zakale ya m'tauni ya Hallein) ndi mgodi wa mchere wa ku Dürrnberg, phiri la pafupi ndi tauniyo, tsiku limodzi. Zikomo nonse amene munandiyankha. Zimatheka bwinobwino, bola kulawirira. Sitima yopita ku Hallein sitenga ngakhale theka la ola.

Yambani ndi nyumba yosungiramo zinthu zakaleyo, ili m'mbali mwa mtsinje wa Salzach. Chimene chinandiimitsa kwa nthawi yaitali ndi mtsuko wamkuwa wa kamwa losongoka ngati mlomo wa mbalame, umene anaufukula m'manda ku Dürrnberg mu 1932. Unapangidwa zaka pafupifupi 2,400 zapitazo, koma kachilombo kamene anakaumba pa chigwiriro kakuoneka bwino mpaka lero. Anthu a Chiselti, mtundu umene unkakhala kumeneko nthawi imeneyo, analemera ndi mcherewu, ndipo mcherewo ndi umene unasunga nsapato zachikopa ndi zidutswa za nsalu za okumba m'migodi osaola.

Kumgodi, komwe anasiya kukumba mu 1989, amakuvekani maovolosi oyera, mumatsetsereka pa matabwa, kenako mumawoloka nyanja ya madzi amchere pansi pa nthaka, n'kudutsa malire a Austria ndi Germany muli momwemo. Ana anasangalala kuno kuposa kumusiyamu kuja. Tengani juzi, mkatimo mumazizira ngakhale kunja kutatentha.