Mawu oyenera pa nkhani ya asilikali a ku Tanganyika mu 1964

Womasulira nkhani, Lilongwe:
Akuluakulu, ndikukonza pulogalamu ya pa wailesi yokumbukira zomwe zinachitika ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanganyika (lomwe lero ndi mbali ya Tanzania), pa 20 Januwale 1964, pamene asilikali a Tanganyika Rifles a ku Colito Barracks anatsekera akuluakulu awo achizungu. Ndinalemba kuti asilikaliwo anafuna kulanda boma, koma mkonzi wanga wawakana mawuwo. Kodi ndinene bwanji?

Mkonzi wopuma pantchito, Zomba:
Mkonzi wanu sanalakwe, mayi. Asilikaliwo sankalimbirana mpando wa Pulezidenti Julius Nyerere. Ankafuna kuti malipiro awo akwere, ndiponso kuti akuluakulu ochokera ku Britain achoke, maudindowo apatsidwe kwa eni dziko. Nyerere atabisala, nduna yake Oscar Kambona ndiyo inakambirana nawo, ndipo munthu wofuna boma sakhala pansi ndi nduna kukambirana za malipiro. Lembani kuti anagalukira akuluakulu awo.

Mtolankhani, Mzuzu:
Bambo, ndikuvomereza, komabe ndili ndi nkhawa. Asilikaliwo anatuluka mumsasa n'kulowa mumzinda ali ndi mfuti, choncho womvera wa kumudzi akamva kuti mtsogoleri wa dziko anabisala, aganiza yekha kuti boma linagwa.

Mkonzi wopuma pantchito, Zomba:
Ndiye chifukwa chake mawu amodzi sakwanira. Womvera apatsidwe chitsanzo chosiyanitsira. Tengani dziko la Congo. Mu Julayi 1960, patangotha masiku ochepa chilandirireni ufulu, asilikali a Force Publique anagalukira akuluakulu awo a ku Belgium, mkulu wawo Émile Janssens atawauza kuti ufuluwo susintha kanthu m'gulu la nkhondo. Mu Novembala 1965, mkulu wa asilikali Mobutu anachotsa Pulezidenti Kasavubu n'kukhala pampando iye mwini. Uku ndiye kulanda boma. Mawu akuti kuukira ine ndimawapewa pa nkhani zotere, chifukwa sanena bwino amene waukiridwayo.

Womasulira nkhani, Lilongwe:
Zikomo kwambiri, bambo. Ndasintha chiganizocho, ndipo chitsanzo cha ku Congo ndachiika pambuyo pake. Ndawonjezanso kuti pa 25 Januwale asilikali a ku Britain, omwe Nyerere anawapempha, anatsika m'sitima ya HMS Centaur n'kuwalanda zida ogalukirawo. Nthawi ya pulogalamu ikalola, nditchulanso za ku Jinja ndi ku Lanet, kumene asilikali a ku Uganda ndi Kenya anachita zomwezo sabata yomweyo.